Kuyeza maziko a nyumba: momwe mungapezere kona ya sikweya ndi chingwe ndi tepi

Mvula ikangosiya, cha mu Meyi, anthu kuno ku Mangochi amayamba kuumba njerwa, ndipo pofika Ogasiti mauvuni amakhala akufuka kuyambira kwa Chimwala mpaka kwa Makanjira. Ndalama zambiri zimathera ku simenti, malata ndi matabwa. Koma nyumba imawongoka kapena kupotoka tsiku loyamba lomwe lija lokhoma zikhomo, thumba la simenti lisanagulidwe n'limodzi lomwe. Kona ikaphonyeka tsiku limenelo, khoma limabisa vutolo mpaka pa lintala. Zimadzaululika kalipentala atakwera pamwamba: kumapeto kwa denga malata amatuluka ngati mano a sowo, ndipo woika matailosi amayamba kudula tizidutswa tosongoka m'mbali mwa khoma. Pamenepo munthu umangoyang'ana, chifukwa kukonza kwake n'kugumula.

Ndikulembera eni nyumba amene akufuna kuimirira ntchito yawo akudziwa chimene bilidala akuchita, komanso achinyamata amene akuphunzira zomangamanga. Masamu ake ndi a geometry omwe aja a ku sekondale, kungoti apa tiwachitira pa dothi. Chitsanzo chathu chikhala nyumba ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi.

Zofunika kukhala nazo

Pezani tepi yaitali, ya mamita 30. Katepi ka m'thumba ka mamita 5 kamakukakamizani kulumikiza miyeso, ndipo polumikiza paliponse pamatayika kenakake. Pakhalenso zingwe, zikhomo zosachepera 20, misomali, hamala, timatabwa, phulusa kapena laimu, paipi yapulasitiki yoonekera mkati, ndi anthu atatu. Thwaini wa ukonde kuno sasowa ndipo amaonetsa mzere bwino kwambiri, koma amatamuka, choncho musamuyezere mtunda. Kuyeza ndi ntchito ya tepi. Ngati malo anu ndi amchenga, monga ambiri a m'mphepete mwa nyanja, dulani zikhomo zazitali, masentimita 60 kapena kuposa, chifukwa chachifupi chimatsatira chingwe mukangochikoka. Tsiku loti mwera walimba, chingwe chikupindika ndi mphepo, ntchitoyi isiyeni kaye.

Poyinti ndi mzere

Euclid, amene ankaphunzitsa masamu ku Alexandria m'dziko la Egypt cha m'ma 300 BC, anayamba n'kufotokoza zinthu ziwiri zooneka ngati zosafunika kufotokoza. Poyinti ndi malo chabe, ilibe mulitali ngakhale mulifupi. Mzere uli ndi mulitali okha, ulibe mulifupi. Ana asukulu amangoloweza mawuwa kuti akhoze mayeso, koma pa maziko ali ndi ntchito yeniyeni. Mutu wa chikhomo ndi waukulu masentimita 4 kapena 5. Wina akagwira tepi kumanja kwa chikhomo, mnzake n'kugwira kumanzere, masentimita amenewo apita musanayambe n'komwe. Choncho pamutu pa chikhomo chilichonse khomani msomali, ndipo muyeso uliwonse uziyambira pa msomali n'kuthera pa msomali. Msomaliwo ndiye poyinti yanu.

Pakati pa mapoyinti awiri pamadutsa mzere wowongoka umodzi wokha, ndipo ndiwo mtunda waufupi kuposa wina uliwonse. N'chifukwa chake chingwe ndi tepi ziyenera kukokedwa mpaka kuti nga. Tepi yolendewera pakati imawerenga nambala yaikulu kuposa mtunda weniweni.

Yambani ndi khoma lakutsogolo. Musanakhome chikhomo, onani malire a puloti yanu. Ngati muli m'tauni tsatirani mabikoni ndi zimene a khonsolo anavomereza, ngati ndi kumudzi itanani oyandikana nawo aonerere. Ganiziraninso dzuwa. Aliyense amene wakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa momwe khoma lakumadzulo limatenthera mpaka usiku. Malo akalola, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa lamadzulo lizimenya khoma lalifupi. Mukasankha, khomani chikhomo choyamba, tichitche A. Yezani mamita 8, khomani chachiwiri, B, ndipo mangani chingwe pa misomali yake. Awiriwa asadzasunthidwenso. Kukonza kulikonse kudzachitikira kumbuyo.

Kona ya sikweya

Mizere iwiri ikakumana imapanga ngodya, imene timaiyeza m'madigiri. Kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360, ndipo kona ya sikweya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulirako, madigiri 90. Euclid anaifotokoza mosagwiritsa nambala: mzere ukaima pa mzere unzake, ngodya ya mbali ino n'kufanana ndi ya mbali inayo, ndiye kuti zonse ziwiri ndi za sikweya. Khoma silikuweramira uku kapena uko.

Kuti muipeze pa A, chitani chonchi. Pa chingwe cha AB yezani mamita 4 kuchokera pa msomali wa A, ndipo ikani chizindikiro ndi cholembera kapena kaulusi. Mangani chingwe chachiwiri pa msomali womwewo wa A, munthu mmodzi achikokere kumbuyo kwa nyumba. Pa chingwe chimenechi yezani mamita 3, chili chokoka, n'kuikanso chizindikiro. Tsopano anthu awiri agwire tepi pakati pa zizindikiro ziwirizo, pamene wokoka chingwe uja akusuntha pang'onopang'ono, kumanja kapena kumanzere, momwe akumuuzira. Tepi ikawerenga mamita 5 ndendende, aime pomwepo akhome chikhomo. Ngati ikuwerenga 5.05, kona yatseguka kwambiri; ngati ndi 4.95, yapanikizika.

Amene ali ndi tepi ya fayiba, yopindika mosavuta, angathe kuchita zonsezi nthawi imodzi. Mmodzi agwire 0 ndi 12 pamodzi pa msomali wa A, wachiwiri agwire 4 pa chingwe chakutsogolo, wachitatu agwire 9 n'kukoka mpaka mbali zonse zitatu zitalimba. Pamene waima wachitatuyo ndi pa mzere wa khoma lam'mbali. Tepi yachitsulo musaiyese zimenezi, imathyoka.

Chimene mwapanga pansipo ndi thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5. Chulukitsani nambala iliyonse ndi iyo yomwe: 3 apereka 9, 4 apereka 16, 5 apereka 25. Mukaphatikiza 9 ndi 16 mupeza 25. Limeneli ndi lamulo limene limadziwika ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wa pa chilumba cha Samos amene anabadwa cha m'ma 570 BC: mu thirayango yokhala ndi kona ya sikweya, mbali yaitali yoyang'anizana ndi konayo ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imafanana ndi mbali ziwiri zinazo zitachulukitsidwa chimodzimodzi n'kuphatikizidwa. Anthu ankadziwa manambala oterewa iye asanabadwe. Ku Columbia University ku New York kuli phale ladothi la ku Babulo, lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa cha m'ma 1800 BC, ndipo lili ndi mndandanda wa manambala a mtundu umenewu. Omangafe timagwiritsa lamuloli chobwerera: sitiyamba ndi kona kuti tipeze mbali, timayamba ndi mbali zitatu zogwirizana motere kuti kona ituluke yokha. Euclid anatsimikizira kuti lamuloli limagwirabe ntchito ngakhale chobwerera chotere, n'chifukwa chake tingalidalire.

Muyeso uliwonse umagwira, bola magawo akhale omwewo: masentimita 30, 40 ndi 50, mamita 6, 8 ndi 10, kapena mafiti 9, 12 ndi 15. Mathirayango amenewa amasiyana kukula koma ngodya zake n'zofanana. Sankhani yaikulu imene ingakwane pa malo anu.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amisiri ena. Ambiri amangoika sikweya yachitsulo ija pa mphambano ya zingwe, kuyang'ana ndi diso limodzi, n'kunena kuti zatheka. Sikweya ndi chida chabwino poika njerwa pakona kapena podula thabwa, koma mkono wake ndi wa masentimita 30 kapena 60 okha. Kampata ka mamilimita 2 kumapeto kwa mkono wa masentimita 30, kamene diso silingakaone pa chingwe, kamakula n'kupitirira masentimita 5 kumapeto kwa khoma la mamita 8. Kuphonya ndi digiri imodzi yokha pa khoma lomwelo ndi masentimita 14. Musachite manyazi kuuza bilidala wanu kuti, “Bambo, tiyeni tiikenso tepi.” Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya nazo.

Kutseka makona anayi

Pa chingwe cham'mbali chija yezani mamita 6 kuchokera pa A, khomani chikhomo D. Chachinayi, C, chikhale mamita 6 kuchokera pa B ndi mamita 8 kuchokera pa D. Pali malo amodzi okha kumbuyoko amene miyeso iwiriyi imakumana.

Ambiri amalekera pomwepa, poganiza kuti mbali zinayi zikakhala zolondola ndiye kuti nyumba yawongoka. Sichoncho. Tengani timitengo tinayi, tiwiri tatitali ndi tiwiri tatifupi, mutimange m'makona ndi luzi, kenaka mukankhe kona imodzi. Chinthucho chipendekeka, koma palibe kamtengo kamene katalike kapena kufupika. Chopendekekacho pa masamu chimatchedwa paralelogiramu: mbali zoyang'anizana n'zofanana, koma makona ake si a sikweya. Rekitango, imene tikufuna ifeyo, ndi paralelogiramu imene makona ake onse anayi ndi a madigiri 90. Mukachita zomwezo ndi timitengo titatu, simungathe kutipendeketsa. Thirayango ikadziwika mbali zake zitatu, maonekedwe ake amakhala amodzi basi, ndipo n'chifukwa chake mathirasi a denga ndi zitsulo za nsanja ya thanki zimalukidwa m'mathirayango.

Ndiye yezani madayagonolo, kutanthauza mizere yodutsa pakati kuchokera pakona kufika pakona yoyang'anizana nayo. Kuchokera A kufika C, ndi kuchokera B kufika D. Awiriwa ayenera kufanana. Pa nyumba yathu onse akhale mamita 10, popeza 64 kuphatikiza 36 ndi 100, ndipo nambala imene imapereka 100 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ndi 10. Nyumba yanu ikakhala ya miyeso ina, kakyuleta ya pafoni ikuthandizani. Ya mamita 9 ndi 7: 81 kuphatikiza 49 ndi 130, dinani chizindikiro cha √, mupeza 11.40.

Madayagonolo akasiyana, musakhudze A ndi B. Tinene kuti AC watalika kuposa BD ndi masentimita 6. Ndiye kuti khoma lakumbuyo latsetserekera mbali ya C. Sunthani C ndi D onse awiri, mtunda wofanana, kulowera mbali ya D. Pa nyumba ya 8 ndi 6 muwasunthe pafupifupi masentimita 4, kenaka yezaninso. Ine ndimafuna kuti kusiyana kusapitirire sentimita imodzi. Chenjeraninso ndi mbali ina ya nkhaniyi: madayagonolo ofanana paokha sakwanira. Nyumba ya mamita 8 kutsogolo ndi 7.8 kumbuyo ingathe kukhala ndi madayagonolo ofanana bwinobwino. Miyeso yoti itsimikizike ndi isanu ndi umodzi, mbali zinayi ndi madayagonolo awiri, ndipo mukasuntha chikhomo chimodzi muibwereze yonse.

Kusamutsa mizere ndi kupeza levulo

Zikhomo zinayi zija zili pamene padzakumbidwe, choncho zidzazulidwa. Mita imodzi kunja kwa kona iliyonse khomani zikhomo zina, mupingase timatabwa pamwamba pake, zimene amisiri amazitcha mapulofailo. Talikitsani chingwe cha khoma lililonse, chikudutsa ndendende pamwamba pa misomali ya m'makona, mpaka chifike pa thabwa, n'kukhoma msomali pamenepo. Tsopano kona iliyonse ndi pamene zingwe ziwiri zapingasana m'mwamba, ndipo mungaitsitsire pansi nthawi ina iliyonse ndi kamwala komangidwa ku ulusi. Pa matabwa omwewo khomaninso misomali yosonyeza kukula kwa ngalande ya maziko ndi kwa khoma. Zingwe zake zikhale zotalikirana mofanana kuyambira kuno mpaka uko, mizere imene pa masamu amati ndi ya paralelo, yosakumana ngakhale itatalika bwanji. Thirani phulusa motsatira zingwe, kenaka zichotseni kuti okumba agwire ntchito.

Gwirizanani ndi bilidala ngati 8 ndi 6 uja ndi wa kunja kapena wa mkati mwa makoma. Khoma la masentimita 23 limadya masentimita 46 pa muyeso uliwonse, 23 uku ndi 23 uko, moti mkati mumatsala mamita 7.54 ndi 5.54. Mikangano yambiri ya eni nyumba ndi amisiri imayambira pamenepa.

Miyeso yonse ya pa pulani ndi yogona chathyathyathya, osati yotsatira kutsetsereka kwa nthaka. Pa malo athyathyathya a m'tauni izi sizivuta, koma ku mapiri a ku Namwera kapena ku Monkey Bay zimavuta. Malo akatsika mita imodzi pa mamita 8, tepi yogonekedwa pansi ikawerenga 8 ndiye kuti mtunda weniweni ndi 7.94. Kuti matabwa onse akhale pa msinkhu umodzi, dzazani madzi mu paipi yoonekera ija, muchotsemo mpweya wonse, mmodzi agwire mbali ino pa pulofailo yoyamba, wina apite ndi mbali inayo pa pulofailo ina. Madzi akadekha, msinkhu wake mbali zonse ziwiri ndi umodzi. Chongani pamenepo. Amene mukumanga pafupi ndi nyanja kapena ndi mtsinje wa Shire, funsani akuluakulu a pamalopo pamene madzi anafika mu 2024, nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndipo pansi pa nyumba yanu pakhale pamwamba pa msinkhu umenewo.

Denga

Lamulo la Pythagoras lomwe lija likuuzani kutalika kwa phaso musanagule malata. Nyumba ya mamita 6 mulifupi, denga la mbali ziwiri: theka lake ndi mamita 3. Mukakweza msonga wa denga ndi mamita 1.25 pamwamba pa khoma, 3 ndi 1.25 zikachulukitsidwa iliyonse ndi iyo yomwe zipereka 9 ndi 1.5625, kuphatikiza kwake ndi 10.5625, ndipo √ yake ndi 3.25. Kupendekeka kwake ndi madigiri pafupifupi 23. Malata amagulitsidwa m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndi masentimita 30.48, choncho lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66. Likwana phaso lonse n'kutsala masentimita 40 otchinga khoma ku mvula. La mafiti 10 ndi mamita 3.05 okha, silifika. Kalipentala asanakwere, yezaninso madayagonolo pamwamba pa makoma.

Kuzungulira kwa nyumba ndi kukula kwa mkati mwake

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri. Kuzungulira ndi kutalika kwa mbali zonse mukaziphatikiza, kumayezedwa m'mamita, ndipo ndiko kumakuuzani za ngalande ya maziko ndi njerwa za makoma akunja. Kukula kwa malo ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kumayezedwa m'masikweya mita, ndipo ndiko kumakuuzani za matailosi, siling'i ndi simenti ya pansi. Nyumba yathu kuzungulira ndi mamita 28, kukula ndi masikweya mita 48. Ya mamita 10 ndi 4 kuzungulira ndi 28 yemweyo, njerwa zake n'zomwezo, koma kukula ndi 40 basi. Ya 7 ndi 7 imapereka 49. Nyumba yowonda, yaitali, imadya njerwa zambiri n'kukupatsani malo ochepa, ngakhale kuti kuno kotentha ili ndi ubwino wake woti mphepo imadutsa mosavuta kuchokera pa windo lina kufika pa linzake. Muyese zonse ziwiri musanasankhe.

Mamita 28 omwewo mutawazunguliza n'kupanga bwalo lozungulira, mkati mwake mungakhale masikweya mita oposa 62. Palibe maonekedwe ena amene amatsekera malo ambiri chotere ndi khoma lofanana kutalika. Makolo athu amene ankamanga nyumba zozungulira ndi nkhokwe zozungulira ankapindula ndi zimenezi, nsungwi zochepa n'kusunga chimanga chambiri.

Kujambula bwalo lozungulira n'kophweka kuposa rekitango. Tanthauzo lake ndi lakuti malo onse a m'mphepete mwake ndi otalikirana mofanana ndi poyinti imodzi ya pakati. Khomani chikhomo pakati, kolekani chingwe chosatamuka ndi mfundo yomasuka kuti chisadzikulunge pa chikhomo, mangani kamtengo kosongoka mbali inayo, muzungulire mukukanda pansi chingwe chili chokoka. Kutalika kwa chingwecho ndi rediyasi, ndipo kuwirikiza kawiri ndi dayamita, mtunda wodutsa pakati kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete.

Kuzungulira kwa bwalo lililonse, laling'ono kapena lalikulu, ndi dayamita kuchulukitsa ndi nambala imodzi yosasintha yotchedwa pi, yolembedwa π. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira mu 212 BC, anasonyeza kuti nambalayi ili pakati pa 223/71 ndi 22/7. Pa ntchito yathu 3.14 ndi yokwanira. Nkhokwe ya dayamita ya mamita 2 imafuna chipupa choluka cha mamita 6.28, kuonjezerapo polumikizira. Kukula kwa pansi pake ndi rediyasi kuchulukitsa ndi rediyasi, kenaka ndi 3.14, zimene zikupereka masikweya mita 3.14.

Kuti mudziwe zimene zingalowe mkati, chulukitsani kukula kwa pansi ndi msinkhu. Thanki yanjerwa yosungira madzi a mvula, ya mamita 2 dayamita ya mkati ndi mamita 1.5 msinkhu, ndi 3.14 kuchulukitsa ndi 1.5, kutanthauza makyubiki mita 4.71. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, choncho thankiyo isunga malita 4,710, kapena kuti zigubu za malita 20 zokwana 235. Mukafuna madzi ochulukirapo, ganizirani kaye za kuikulitsa m'mbali musanaganize zoikweza. Msinkhu ukawirikiza kawiri madzi amawirikiza kawiri, ndipo mphamvu imene amakankhira khoma pansi penipeni imawirikizanso. Dayamita ikawirikiza kawiri, kufika mamita 4, msinkhu uli womwewo, madzi amachuluka kanayi, malita 18,840, pamene njerwa za khoma zangowirikiza kawiri.